Mpando wa ku Limbe Cathedral ndi Kalata Imene Bambo Anga Anawotcha

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi ku Limbe cha m'ma 10 koloko m'mawa ndili ndi zochita ziwiri. Choyamba chinali kukakonzetsa foni yanga imene inasweka galasi mwezi watha. Chachiwiri sindinauze aliyense. Ndinkafuna kukalowa mu Limbe Cathedral, tchalitchi chimene bambo anga ankapempherako ali mnyamata, chifukwa pali mawu amene ndinawalankhulira pa holide yapitayi ndipo mawuwo akhala akundisowetsa mtendere.

Zinachitika chonchi. Tinali pakhonde madzulo, magetsi atathima, ine ndikufotokoza monyadira zimene tinaphunzira m'kalasi ya mbiri ya Malawi zokhudza kalata ya maepiskopi ya mu 1992. Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako ananena, ngati nkhani wamba, kuti kalatayo iwo anaimva ikuwerengedwa ku Limbe Cathedral ndi makutu awo, ndipo anali nayo yawoyawo. Ndinadzuka pamene ndinakhala. Ndinafunsa kuti ili mu sutikesi iti, poganiza kale zoionetsa kwa aphunzitsi athu Lolemba lotsegulira. Iwo anati anaiwotcha pambaula patangopita masiku ochepa, boma litalengeza kuti wopezeka nayo amangidwa. Ine osaganiza n'komwe ndinangoti, "Koma anthu a nthawi yanu munali amantha bwanji!" Bambo sanayankhe. Ananyamula mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ndiye chimene chinandipititsa ku Limbe ndi chimenechi. Ndinkafuna kukakhala pamene iwo anakhala.

Amene mumaidziwa Limbe mukudziwa kuti munthu suyenda molunjika. Oitanira minibasi akukukoka malaya, wina akuti Zomba, wina Thyolo, wina Bangwe. Mavenda ayala kaunjika mpaka m'mphepete mwa msewu, akabaza akuimba mabelu kumbuyo kwako, utsi wa chiwaya ukusakanikirana ndi wa dizilo. Foni ndinaisiya kwa mnyamata wina wokonza, amene anati ndibwere pakatha maola awiri, ndipo ndinauyamba wapansi.

Phokoso la Limbe silinayambe lero. Tauniyi inabadwa chifukwa cha njanji ndi fodya. Sitima ya Shire Highlands Railway inafika kuno mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake. Amalonda ochokera ku India anamanga masitolo, anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu n'kumabwera kudzafuna ntchito kuti apeze ndalama ya msonkho. Limbe inali tauni payokha mpaka mu 1956 pamene inaphatikizidwa ndi Blantyre. Choncho pamene Blantyre inakulira pa mishoni ya a Church of Scotland ya mu 1876, ndi tchalitchi chake chotchuka cha St Michael and All Angels, Limbe inakulira pa malonda ndi thukuta. Tchalitchi chachikulu cha Akatolika a Arkidayosizi ya Blantyre chili kuno, ku mbali ya antchito.

Nditalowa, choyamba kuchimva chinali kuzizira, chachiwiri bata. Mahutala ankamvekabe koma ngati ali kutsidya la mtsinje. Munalibe Misa. Amayi awiri ankakolopa kutsogolo, ndipo bambo wina wovala yunifomu ya ulonda anagwada chakumbuyo, chipewa chili m'manja. Kanyali kofiira kankayaka pafupi ndi guwa. Ndinakhala pa benchi ya pakati, chifukwa bambo anga si munthu wokhala kutsogolo.

Aphunzitsi athu anatiuzapo kuti chimene chimapangitsa tchalitchi kukhala cathedral si kukula kwake kapena kukongola kwake ayi. Ndi mpando. Dzinali limachokera ku mawu achigiriki otanthauza mpando, ndipo mpandowo ndi wa episkopi, pamene amakhala akamaphunzitsa anthu ake. Ndinaufunafuna ndi maso mpaka ndinauona kutsogoloko, wopanda munthu. Ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu amene akhala akutsogolera mpingo wa chigawo chino, zimene analankhula ndi zimene sanalankhule. Apa m'pamene nkhani imene ndinkaifotokoza monyadira pakhonde paja inayamba kusintha maonekedwe.

Akatolika anachedwa kukhazikika m'dziko muno. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda, ku Mangochi, kumapeto kwa 1889, koma zinthu sizinayende ndipo anachoka mu 1891. Mu Julayi 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Anton Winnen, anatsegula mishoni ku Nzama m'boma la Ntcheu. Chaka chotsatira a White Fathers anabweranso, n'kuyamba ntchito m'chigawo chapakati, m'malo ngati Mua ndi Likuni. Chigawo chakumwera chinakhala cha a Montfort. Dzina lenileni la Limbe Cathedral ndi Our Lady of Wisdom, ndipo likuchokera kwa iwo: Louis-Marie Grignion de Montfort, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1716, ankaphunzitsa kwambiri za Maria ndi za nzeru ya Mulungu, ndipo chipani cha asisitere chimene anayambitsa chimatchedwa Daughters of Wisdom.

Amishoniwa anali alendo kawiri. Anali azungu pakati pa anthu akuda, komanso ambiri anali a ku France ndi ku Netherlands m'dziko lolamulidwa ndi Angerezi, m'chigawo chimene a Church of Scotland anali atazika kale mizu. Mlendo wotere amayenda mosamala. Anamanga masukulu ndi zipatala, anaphunzira chinenero, koma kulimbana ndi boma la atsamunda sinali njira yawo. Pamene John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915, anthu ake anatentha mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi, imene ili kufupi ndi kwawo ku Mbombwe. Pa nkhondo imene ife timaikumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, mpingo uwu sunali mbali ya Chilembwe. Izi m'kalasi timazidutsa mwachangu, koma ndi mbali ya mbiri ya mpando uja.

Louis Auneau anatsogolera mpingo wa chigawo chino zaka pafupifupi 40 kuyambira mu 1910. Atachoka iye kunabwera John Baptist Theunissen, wa ku Netherlands, amene mu 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Blantyre. Chaka chimenecho ndi chomwe atsamunda analengeza za chipwirikiti n'kumanga Dr. Banda ndi anzake a Congress. Mu 1960 Chester Katsonga anayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, ndipo nyuzipepala ya Malawi Congress Party, Malawi News, inadzudzula Theunissen mwaukali kuti ndiye ali kumbuyo kwa chipanicho, kuti akufuna kugawa anthu pa nthawi yomenyera ufulu. Nyumba ya Katsonga inatenthedwa. Chipani chake sichinapite patali, ndipo MCP inapambana chisankho cha 1961 mosavuta. Mpingo unaphunzirapo kanthu: ukalowa ndale za Kamuzu, upsa.

James Chiona anakhala pa mpandowo mu 1967, Mmalawi woyamba kukhala arkiepiskopi wa Blantyre. Tiwerenge zimene zinachitika kuyambira pamenepo. Dziko linali litakhala kale la chipani chimodzi mu 1966. Mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mu 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mpaka 1991. Orton ndi Vera Chirwa anali m'ndende. Ayufi ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa makadi.

Pa zaka zonsezi maepiskopi ankalemba makalata, masukulu ndi zipatala zawo zinkathandiza anthu ambiri, koma kalata yotsutsa poyera nkhanza za boma sinatuluke. Atsogoleri a mipingo, Akatolika ndi ena omwe, ankapezeka pa zochitika za boma n'kumapempherera Ngwazi. Ngakhale pamene Papa John Paul II anabwera ku Malawi mu Meyi 1989, n'kudzakumana ndi ansembe ndi asisitere m'tchalitchi chomwe ndinakhalamochi, analandiridwa ndi Kamuzu ndipo zinthu zinapitirira monga kale kwa zaka zina zitatu.

Nditakhala pa benchi paja ndinawerengera zala. Kuchokera 1964 mpaka 1992 ndi zaka 28. Anthu ophunzira, okhala ndi Roma kumbuyo kwawo, okhala ndi anzawo ku Ulaya amene akanafuula atamva kuti amangidwa, zinawatengera zaka 28 kuti alankhule. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ngati amene anali pamkhate anadikira chonchi, nanga mnyamata wa zaka 22 wogulitsa nsalu m'sitolo ya munthu wina, amene malipiro ake ankalipirira fizi azing'ono ake awiri kumudzi, ndinkafuna achite chiyani?

Sindikunena izi pofuna kuchepetsa zimene maepiskopi anachita. Nthawi itakwana anachita chinthu chimene wina aliyense anali asanachite. Dziko lapansi linali likusintha: khoma la Berlin linagwa mu 1989, Nelson Mandela anatuluka m'ndende mu 1990, ndipo mu Okutobala 1991 anansi athu a ku Zambia anachotsa Kenneth Kaunda ndi voti. Maiko a azungu amene ankamusekerera Kamuzu chifukwa chodana ndi chikomyunizimu analibenso chifukwa chomusekerera. Koma kuno mantha anali pomwepo. Kalatayo inalembedwa mobisa, inasindikizidwa ku makina a Montfort ku Balaka, n'kutumizidwa m'maparishi mwakachetechete. Lamlungu loyamba la Lenti, pa 8 Malichi 1992, inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. M'Chingerezi mutu wake unali Living Our Faith, ndipo inalipo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Anasainira ndi James Chiona, Felix Mkhori, Matthias Chimole, Alessandro Assolari, Allan Chamgwera, Gervazio Chisendera ndi John Roche.

Ndinaiwerenga ku laibulale chaka chatha ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti ndi yofatsa. Sinanene kuti Kamuzu achoke. Inakamba za kusiyana pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo imene alimi ankagulitsira mbewu zawo, za kuthithikana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi, za zipatala, za katangale ndi kukondera. Kenako inanena kuti anthu akumangidwa popanda kuzengedwa mlandu, kuti munthu sangalankhule maganizo ake momasuka, ndiponso kuti makhoti ayenera kukhala oima paokha. Mnzanga wina ataiwerenga anati, "Basi? Zomwezi?" Inde, zomwezo. Panalibe chachilendo m'kalatamo. Aliyense wokhala pa mabenchi aja ankazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, pagulu, m'chinenero chako, munthu amene wakhala naye pafupi akumvanso, iwe n'kudziwa kuti wamva, iyenso n'kudziwa kuti wamva.

Ndikuganiza kuti mphamvu ya kalatayo inali pamenepa. Ulamuliro wa mantha umayenda bwino aliyense akamaganiza kuti ndi iye yekha amene akuona vuto. Wailesi inali imodzi, ya boma. Nyuzipepala zinali za chipani. Misonkhano inali ya chipani. Malo amene anthu mazanamazana ankasonkhana sabata iliyonse popanda wapampando wa chipani kutsogolo anali matchalitchi ndi mizikiti. Kalata ija ikanangosindikizidwa n'kugawidwa mumsewu, apolisi akanaitolera tsiku limodzi. Koma inalowa m'makutu, ndipo zolowa m'makutu sizilandidwa.

Boma linazindikira zimenezi msanga. Pa 10 Malichi maepiskopi anaitanidwa ku polisi ya Kanjedza, komwe si kutali ndi pamene ndinakhalapa, ndipo anafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo aliyense amene anali nayo anauzidwa kuti akaipereke ku polisi. Akuluakulu a chipani anachita msonkhano ku Lilongwe pomwe ena ananena poyera kuti maepiskopi aphedwe, ndipo mawu a msonkhanowo anajambulidwa n'kumveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa. John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo.

Masiku amenewo ndi amene bambo anga anayatsa mbaula. Taganizirani: wailesi ikunena kuti pepala limene lili pansi pa mphasa yako likhoza kukumangitsa, ukukhala m'nyumba ya lendi yogawana khoma ndi anthu amene sukuwadziwa bwino, ndipo ukudziwa anthu amene anatengedwa usiku osabwereranso. Kukaipereka ku polisi kunali kukadzilembetsa dzina. Kuisunga kunali kuika pachiswe azing'ono ako. Ine amene ndimachotsa zimene ndalemba pa Facebook ndikangoona kuti mwina zingandilepheretse kupeza ntchito ndikamaliza sukulu, ndinali ndani kuti ndiwatche amantha?

Zotsatira zake timazidziwa. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu ku Zomba kusonyeza kuti ali mbali ya maepiskopi, a ku Polytechnic nawonso anachita chimodzimodzi, ndipo sukulu inatsekedwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe atangotsika. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a ku David Whitehead ananyanyala ntchito, sitalaka n'kufalikira mu Blantyre ndi Limbe, ndipo apolisi anawombera anthu, makumi angapo n'kufa. Mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lina. Atsogoleri a CCAP, Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana n'kupanga Public Affairs Committee. Mu Okutobala Kamuzu anavomera riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Tikamaphunzira zimenezi timaloweza mayina asanu ndi awiri a osainira aja, ndipo n'koyenera. Koma amene anafa m'misewu ya Blantyre mu Meyi 1992 sanali maepiskopi. Amene anaima pamzere m'mawa wozizira wa Juni 1993 n'kuponya voti yawo pa nyali anali anthu a pa mabenchi, ambiri mwa iwo anthu amene anawotcha, kukwirira kapena kutaya m'chimbudzi kalata yawo chaka chapitacho. Mpando unalankhula kamodzi, mochedwa, koma bwino. Mabenchi ndi amene anasenza zotsalazo. Pepala analiwotcha, koma pofika tsiku la voti ankakumbukira zimene linanena.

Ichi ndi chimene ndikufuna kunena kwa anzanga a pa yunivesite, makamaka ife okonda kutsutsana m'mahositelo mpaka usiku. Timakonda mbiri yokhala ndi ngwazi mbali ino ndi amantha mbali inayo, chifukwa mbiri yotere imatilola kudziika tokha mbali ya ngwazi popanda kulipira kalikonse. Mbiri ya Limbe Cathedral siyenda choncho. Mpingo womwewo umene unakhala chete a Mboni akuthamangitsidwa ndi umene unalemba kalata ya 1992. Arkiepiskopi yemweyo amene anakhala zaka 25 osatsutsa poyera ndi amene anakakhala ku Kanjedza akufunsidwa mafunso, moyo wake uli pangozi. Munthu mmodzi akhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo ambiri a ife tili choncho. Funso lothandiza si lakuti makolo athu anachitiranji mantha. Ndi lakuti ife, amene Malamulo a dziko a 1994 amatipatsa ufulu wolankhula umene iwo analibe, tikuona chiyani lero chimene tonse tikuchidziwa koma tikudikira kuti wina ayambe kuchinena. Nkhani za malipiro, za mitengo ya mbewu, za makalasi odzaza ndi za mankhwala m'zipatala zimene zili m'kalata ija, mukaziwerenga lero simungaganize kuti papita zaka zoposa 30.

Mlonda uja anadzuka, anagwada pang'ono moyang'ana kuguwa, n'kutuluka. Amayi okolopa aja anafika pa benchi yanga ndipo mmodzi anati, "Achimwene, tatukulani miyendo." Ndinatukula, kenako ndinaona kuti maola awiri aja akwana. Panja dzuwa linali litakwera, ndipo Limbe inandilandira ndi fumbi ndi mahutala ake.

Foni ndinaipeza itakonzedwa, ngakhale mnyamatayo anawonjezera mtengo ponena kuti galasi lake ndi "orijino". Ndinagula mayunitsi pa kabenchi kena n'kuima pakhonde la sitolo kuti ndimve bwino. Bambo anayankha kachitatu.

"Bambo, ndili ku Limbe. Ndinalowa mu cathedral."

"Kukatani? Lero si Loweruka?"

"Ndimafuna ndione pamene munkakhala."

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati ankakonda kukhala kumanzere, chapakati, pafupi ndi zenera, chifukwa kunkatentha. Ndinawauza kuti mawu aja ndinalankhula pakhonde sanali abwino ndipo andikhululukire. Anati zinatha kale zimenezo. Ndinafunsa ngati tsiku lija anthu anaombadi m'manja monga timamvera. Anati poyamba ayi, anthu ankangoyang'ana pansi, wina osafuna kuonana maso ndi mnzake. Amayi ena achikulire ndi amene anayamba nthungululu kumbuyo, ndipo kenako tchalitchi chonse chinatsatira.

"Inuyo munaomba?"

"Ndinaomba. Pang'ono." Anaseka. "Ukabwera udzandikumbutse, ndidzakuuza za tsiku la voti. Pano ndili kudimba. Wadya koma?"

Ndinali ndisanadye. Ndinagula chipisi cha pachiwaya, n'kukwera minibasi yobwerera kusukulu.